Tidya Liti Mpunga?

Funsoli limadikira paukwati wa mnzako, mbale ili m'manja, ntchafu ya nkhuku ili m'kamwa. Azakhali amakugwira pamkono, n'kukuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Nanga iwe mwana wa achimwene, ife tidya liti mpunga wako? Anzako onse apitatu." Mnyamata wa zaka 33, yemwe digiri yake ya ku Chanco ikugona m'sutikesi pamodzi ndi makalata ofunsira ntchito, amameza nyamayo osatafuna. "Posachedwapa, azakhali."

Chimene azakhali satchula n'chakuti iwo omwe ndiwo msungichuma wa komiti ya ukwati uliwonse m'banjamo, ndipo mnyamatayo anakhalapo pamisonkhano yawo. Anaona ndi maso ake. Anthu awiri akangonena kuti akondana, tsiku lomwelo pamabadwa gulu la WhatsApp la anthu 80, lokhala ndi atcheya, achiwiri awo, alembi, komanso amalume ena a ku Joni omwe ntchito yawo n'kutumiza zithunzi za manja opemphera. Komiti imakumana Lamlungu lililonse ku Area 25, ndipo msonkhano uliwonse umafuna mafanta ndi zibwente. Pofika mwezi wachitatu, komiti yadya kale ndalama ya keke.

Ukwatinso suli umodzi ayi. Choyamba chinkhoswe, chomwe kale chinali nkhani ya ankhoswe, tambala, thadzi, khasu ndi nkhwangwa pabwalo la kwawo kwa mkazi. Lero chimafuna holo, wojambula, DJ ndi nsalu yofanana ya anthu onse, ngakhale tambalayo amachita kubwera pa galimoto yahayala. Kenako bridal shower, komwe amayi omwe sanayankhulane ndi amuna awo kuyambira Isitala amaphunzitsa mtsikana kusunga banja. Kenako send-off. Tsiku lenilenilo likamafika, mkwati amakhala atawonda moti suti imene anayezetsa mu Meyi imamukhuthukira.

Ndiye pamabwera perekaniperekani. MC amaitana onse a ku Ntcheu, onse ovala zofiira, onse amene anakwerapo minibasi, ndipo aliyense amayamba wadutsa pathebulo la osintha ndalama. K5,000 imodzi, ija inatuluka mu 2022, imaphwanyidwa kukhala ma K100 ndi ma K50 kuti munthu avine nyimbo zitatu akuponya ngati mwini banki. Madzulo owerengera akamaliza, ndalamazo zimangokwanira kulipira MC uja. Akwati amapita kunyumba ndi mafulasiki asanu ndi ngongole ya katapira.

"Ife tinakwatiwa opanda kalikonse," amatero azakhali, ndipo sakunama. Pachikamwini mwamuna ankapita kumudzi kwa mkazi, n'kupatsidwa malo omangapo nyumba ndi munda woti alime. Mitengo inali kutchire, udzu kudambo. Ku Ndirande kulibe mpongozi wogawa malo; kuli alandilodi, omwe amafuna lendi ya miyezi itatu usanalowetse ngakhale mphasa, ndipo amayamba afunsa ngati muli ndi ana chifukwa ana amadzazitsa chimbudzi. Mnyamata wina anasunga ndalama za ukwati mokhulupirika, boma n'kugwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anagona ali ndi ndalama ya holo, anadzuka ali ndi ya mipando yokha.

Kwa atsikana nkhani imavuta mwa mtundu wina. Makolo omwewo anakhala zaka zambiri akumuopseza mwana kuti akangoonedwa ndi mnyamata amudula miyendo, ndipo dziko linawathandiza pamene mu 2017 linasintha malamulo aakulu kuti munthu asalowe m'banja asanafike zaka 18. Mwana anamvera. Wamaliza sukulu, wapeza ntchito, wagula firiji yakeyake. Tsopano akumufunsa kuti mnyamata uja sanaloledwe kukumana naye ali kuti. Iye amangomwetulira, chifukwa womufunsira womaliza anamutumizira uthenga wachikondi wautali, pansi pake n'kulemba kuti amuponyereko ya bandulo pa Mpamba.

Komabe tisamanamizane kuti achinyamatawa akugona okha. Ambiri analowana kalekale. Mtsikana anangobwera kudzachapa Loweruka lina, n'kuiwala mswachi, kenako poto, kenako mwana. Lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuutcha ukwati ngati anthu akhalira limodzi zaka zosachepera zisanu, popanda DJ kapena keke. Azakhali akadzacheza amamupeza mtsikanayo akupalasa moto pambaula, amamulonjera bwinobwino, amadya nsima yake, amanyamulanso khanda n'kunena kuti mphuno ndi ya akuchimuna. Akasamba m'manja amamukokera mnyamata kuseri kwa nyumba n'kunong'ona: "Iwe, ukwatira liti? Komiti ilipo kale, tangotipatsa tsiku."