Alamu, Takoka Nyumba Kupita Nayo Kutchire

Kempton Park,
Johannesburg.

Okondedwa Alamu,

Choyamba ndifunse za moyo wanu pamodzi ndi mlongo wangayo ndi ana onse. Kunena ine kuno ndili bwino, kungoti ndada ngati kunsi kwa mphika, ndipo chondidetsacho muchimva m'munsimu. Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva, wakuti ngolo ya ng'ombe mwatopa nayo, mukufuna kathirela koti muzikoka ndi kapikapu kanu potuta kachewere ku Tsangano kupita naye pa Lizulu. Sindinayankhe pa foni dala, chifukwa nkhaniyi ndi yaitali kuposa bandulo yanu. Inetu pano ndine katswiri wa zokokakoka. Sukulu yake ndaphunzira masiku 6, ndipo fizi yake ndinatsala pang'ono kulipira ndi moyo.

Mukudziwa kuti Disembala akafika Joni amakhuthuka. Anzathu amathamangira ku Park Station kukalimbirana mabasi a kumudzi, azungu nawo ulendo wa kunyanja ndi kutchire. Ine chaka chino thumba linali ndi malungo, ndiye bwana atati ndiwaperekeze ku Kruger National Park ndinavomera msangamsanga, kuyesa tikagona kuhotela. Alamu, tinakoka nyumba.

Chinthucho dzina lake ndi kalavani. Yathuyi ndi ya mtundu wa Jurgens, ndipo chaka chonse imangokhala pabwalo itafunda lona, ine n'kumatchetcha kapinga moizungulira ngati manda a mfumu. M'kati mwake muli bedi, filiji, mbaula ya gasi, sinki, makabati, ndi kalirole yemwe. Tsono taganizani. Munthu ali ndi nyumba ya zipinda 5, madzi otentha akutuluka pampopi, dziwe losambiramo lili kuseri. Akusiya zonsezo kuti akagone m'thengo, aziphika pa nkhuni, usiku aziyenda ndi tochi popita kuchimbudzi. Malo ake ndi ochita kulimbirana, moti a SANParks amayamba kulembetsa anthu kutatsala miyezi 11. Moyo womwe ine ndinauthawa ku Ntcheu, kuno amauimira pamzere.

Ndinayamba ndi matama, kuti bwana akatopa ndidzawalandira chiwongolero poti laisensi ndili nayo. Anangoiyang'ana n'kundibwezera. Kuno ya Code B imakulola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750 ikadzaza. Yoposa pamenepo imafuna EB. Kalavaninso ili ndi nambala yake ndi disiki yakeyake ngati galimoto. Basi udalaivala unathera pomwepo, ndinapatsidwa unduna woona za rivesi. Inuyo musanagule kathirelako mukafunse kaye ku ofesi ya zamsewu kuti chitupa chanu chikulolani zotani. Safunsa anadya phula.

Kenako matayala. Ine ndinawaona ngati atsopano, mapanga ake ali bwinobwino, koma bwana anandigwaditsa n'kundionetsa timing'alu m'mbali. Tayala la ngolo limakalamba lili chiimire, padzuwa. Pambali pake pamakhala manambala 4 otsatana: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chomwe linapangidwa. Likapitirira zaka 5 bwana amachotsa, ngakhale lisanayende. Mukapita kogula matayala a kaunjika muziwerenga pamenepo, osangogogoda ndi phazi ngati mukusankha dzungu.

Tsiku lonyamuka ndinaona malodza. Bwana anatuluka ndi sikelo ya kubafa, ija madamu amadziyezera m'mawa uliwonse n'kuyamba tsiku ndi mkwiyo. Anaiika pansi, kuimika kathabwa pamwamba pake, n'kutsamiritsa mphuno ya kalavani pa kathabwako. Akuti kulemera kotsikira pa chitsulo chokokera kusachepere makilogalamu 25, kusapitirire 100. Iwo amafuna kuzikhala cha m'ma 75, titi thumba limodzi ndi theka la chimanga. Ndinafuna kuseka, koma ndinakumbukira ngolo yanu. Mukaunjika matumba kumbuyo, mtengo wa kutsogolo umanyamuka, goli n'kumakoka ng'ombe pakhosi. Mukaunjika kutsogolo ng'ombe zimagwada. Ndi nzeru yomweyo, Alamu, kungoti kuno aiveka suti. Katundu wolemera amakhala pansi, pakatikati, pamwamba pa ekiselo. M'makabati a m'mwamba mumalowa zovala ndi tiyi.

Sikelo inavomereza, bwana analowa m'nyumba kukamwa khofi. Apa ndi pamene Satana anapezera mpata. Ine ndinaganiza kuti masiku 6 osadya nsima yeniyeni sindingathe, ndiye ndinazembetsa thumba la ufa la makilogalamu 25 n'kulibisa kumbuyo kwenikweni, kunsi kwa bedi.

Tinagwira msewu wa N12, n'kukalowa N4 pa eMalahleni, kumene kuli migodi ya malasha ndi zimathiraki zosatha. Anzathu akudutsa pa 120, ife tili phee pa 90. Mzere ukatalika kumbuyo, bwana amapatukira pang'ono kumzere wachikasu kukakhala kowala bwino, ndipo wodutsayo amaphethiritsa mahazadi kuthokoza. Ulemu wa pamsewu umenewu unandikhudza mtima. Ndili m'kati moyamikira, chithiraki china chinatipyola ndi chimphepo chake, ndipo nyumba yathu inayamba kuvina.

Poyamba inangogwedeza chiuno pang'ono ngati mtsikana wamanyazi pa chinamwali. Kenako inalowa m'bwalo. Ndikayang'ana pagalasi lakumanzere ndikuiona, ndikayang'ana lakumanja ndikuionanso, ndipo galimoto yayamba kutsatira nyimbo. Ine ndinakuwa kuti buleki, bwana, buleki! Madamu anaitana Mulungu m'Chibunu. Koma bwana sanaponde buleki, sanapotoze chiwongolero. Anangochigwira nganganga, n'kuchotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono mpaka gule anazizira yekha. Tsono mumve bwino pamenepa, chifukwa n'zimene zingadzakupulumutseni: ngolo ikayamba kuvina, mukaponda buleki mwamphamvu kapena kulimbana nayo ndi chiwongolero, imakukankhani n'kukupindani ngati mpeni wa m'thumba.

Titaima, bwana anatsegula kumbuyo kuti aone mfiti. Anatulutsa ufa wanga. Ndinayamba kukonza mawu otsanzikira ntchito. Koma anapisanso dzanja n'kutulutsa zigubu ziwiri za madzi za malita 25 chimodzi, zomwe madamu anaika mobisa poti madzi a kwina sawakhulupirira. Anapisanso, n'kutulutsa bokosi la mabuku ndi zitsulo zonyamula anyamata ofuna zifuwa, za mwana wawo wamkulu. Tonse atatu tinayamba kuyang'ana ng'ombe za m'mafamu ngati sitinaziwonepo. Mlandu unathera pomwepo chifukwa oweruza akanamanga ndi akazi awo omwe.

Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo ukadutsa mphanga ya pa Waterval Boven msewu umayamba kutsetsereka kulowera ku Mbombela, kotentha ngati ku Nsanje. Bwana anatsika ndi giya yaing'ono kuti injini izigwira yokha, mabuleki asapse. Mukadzayesa kutsika Khwekhwerere ndi kachewere kumbuyo mudzandikumbuke. Paliponse pomwe taima, ntchito yanga inali kuzungulira: kugwira pakati pa wilo kuona ngati patentha, kugwedeza tcheni chachitetezo, kuona ngati waya wa magetsi sunazuke. Pakati pa wilo pakatentha moti dzanja silingakhalepo, ndiye kuti maberingi akulira girizi.

Tinalowera pa geti ya Malelane, titawoloka mtsinje wa Crocodile, umene dzina lake silinama. Nkhalango imeneyi, Alamu, kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 360, kuposa ulendo wa Blantyre mpaka Lilongwe. M'kati mwake liwiro ndi 50 pa tala, 40 pa fumbi, ndipo mu Disembala mageti amatsekedwa 6:30 madzulo, ukachedwa ulipira chindapusa. Tisanafike pa kampu ya Berg-en-Dal tinapeza chinjovu chili pakati pa msewu chikuthyola nthambi. Bwana anaima kutali kwambiri. Nditafunsa kuti bwanji osasendera tijambule, anati ikatembenuka n'kutilonda, rivesi yake ndi nyumba kumbuyo tipanga bwanji? Ndinangoti zoona, tiyeni tiipatse ulemu, ndi akuluakulu.

Rivesi imeneyo ndiyo yothetsa mabanja. Pa kampu paja anthu anali atakhala kale pa mipando yawo ya lona, zakumwa m'manja, kudikira sewero laulere. Madamu anaima kumbuyo kumanja, ine kumanzere. Madamu akuti kumanzere! Bwana akuti kumanzere kwa ndani? Ine ndikukupiza manja ngati wotsogolera kwaya, osadziwa kuti ndaima pomwe sakundiona. Kalavani ukaiuza kumanja imapita kumanzere, khalidwe lake ngati mbuzi ya pachingwe. Titalephera kachisanu, panabwera mdala wina wachibunu, kabudula wa khaki, miyendo yofiira ngati nyama ya pa mbaula. Anauza bwana kuti agwire chiwongolero cham'munsi ndi dzanja limodzi: komwe dzanja lapita, n'komwe matako a kalavani apite. Ine anandiuza kuti ngati sindikuona nkhope ya dalaivala pagalasi, ndiye kuti nayenso sakundiona, ndipo wolondolera akhale mmodzi. Zinatheka ulendo umodzi. Anthu anaomba m'manja, madamu sanalankhule ndi bwana mpaka m'mawa.

Mdala yemweyo anatichenjeza kuti tisadzaimike pansi pa mvunguti, poti chipatso chake chikagwa chimaphwanya denga. Ndinamuuza kuti kwathu mtengo umenewo anyamata amaufuna pa zifukwa zina. Anafunsa zifukwa zake, ine ndinati Chingerezi chandithera.

Kalavani ikaima muyambe mwakoka buleki yake ya pamanja ndi kutsekera mawilo, kenako muilinganize isapendekeke, chifukwa filiji ya gasi ikapendekeka siziziritsa, ndipo wogona kumtunda amagubudukira pa mnzake. Bwana anaiwala kachipangizo kawo koyezera, ine ndinangoika mbale ya madzi pansi n'kumaona komwe akuthawira. Timiyendo tinayi ta m'makona ndi tongochirikiza, si jeke. Chilona cha pakhonde nacho mbali imodzi izikhala yotsika. Oyandikana nafe anachikunga mowongoka bwino, mvula ya usiku inadikha pamenepo, m'mawa mwini wake atachigwedeza anabatizidwa ndi khofi wake yemwe.

Koma chimene chinandipweteka mtima ndi nkhuni. Tili pakati pa tchire, mitengo youma ili ngundangunda, ine ndinatola chingwe kuti ndikatole. Bwana anandigwira malaya. Akuti n'zoletsedwa, ngakhale kanthambi. Tinapita kusitolo ya pa kampu kukagula nkhuni za m'thumba. Alamu, amayi akanamva kuti mwana wawo wagula nkhuni m'nkhalango akanaitana abusa.

Anyani ndi apusi a kuno ndi ophunzira. Amadziwa bokosi losungira zozizira, amadziwa kuti munthu akapita kubafa pakhomo patsala pululu. Ine ndinasiya mkute pa tebulo kuti ndikatunge madzi, pobwera ndinapeza pusi ali pa nthambi, akudya mochita kutema mbamu ngati wa kwathu. Chakudya chonse chizitsekeredwa, ndipo kuwapatsa dala ndi mlandu, chifukwa nyama ikazolowera anthu mapeto ake imaphedwa. Usiku fisi amayendera mpanda mwakachetechete kununkhiza nyama yootcha. Azungu amathamangirako ndi makamera. Ine ndinalowa mu katenti kanga n'kutseka zipi, poti kwathu fisi akakuyang'ana chotero timayamba tafunsa kuti watumidwa ndi yani.

Za udzudzu ndinachita nazo mwano. Iwo akumwa mankhwala oteteza malungo, kudzola zothamangitsa udzudzu, ine ndikuti ndine mwana wa ku Malawi, udzudzu ndi abale anga. Madamu anandikumbutsa kuti ndatha zaka ku Joni kopanda malungo, ndipo thupi limaiwala nkhondo yomwe linasiya kumenya. Ndinadzola, Alamu. Ndinamwanso. Musauze anthu.

Komabe ndisaname, usiku wachitatu tinakhala pamoto, nyenyezi zili mbuu ngati za kwathu nthawi ya masika. Ndinaphika nsima ndi ufa wa mlandu uja, anthu a makalavani oyandikana anabwera ndi mbale zawo, mdala uja anatenga kawiri. Fungo la utsi linandifikitsa pakhonde la amayi. Ndinati utsi wandilowa m'maso.

Pochoka bwana ali ndi pepala lomwe amawerenga ngati m'ndandanda wa maina a kumaliro: gasi watsekedwa, mawindo atsekedwa, denga latsitsidwa, timiyendo takwezedwa, kawilo ka kutsogolo kamangidwa, buleki yamasulidwa, magetsi onse akuyaka. Musamaderere pepala. Banja lina linanyamuka waya wa magetsi uli chilumikizire pa mtengo wake, tinangomva kuti thuu, ana akuthamangira galimoto.

Tsopano za m'ndandanda womwe mlongo wanga wanditumizira: malata 20, njinga, foni ziwiri, fizi ya ana atatu, feteleza, ndi jekete lanu lachikopa. Ndauyeza pa sikelo ya madamu, wapitirira 100. Muwauze kuti mukandipachira zonse kumbuyo nthawi imodzi ndiyamba kuvina pamsewu. Fizi ndi feteleza tiike pa ekiselo, zibwera ndi wa thiransipoti mwezi uno ukatha. Jekete likhale kaye m'kabati ya m'mwamba.

Mupereke moni kwa amayi, a mfumu, ndi onse ondifunsa, kupatula amene ndili nawo ngongole.

Ndine mlamu wanu,
Nduna ya Rivesi, ku Joni.

Ndinaiwala: katchire kaja kali kuseri kwa dimba lanu musakatenthe chaka chino. Mulambule pang'ono, mukumbe chimbudzi chakutali ndithu, nkhuni muzimange m'timitolo. Bwana akuti akufuna adzaone Malawi, ndipo ndawauza kuti malo ake ndi osowa, alembetse kutatsala miyezi 11.