Kagitala ka nsambo zinayi

Kuno ku Britain munthu akapuma pantchito sagula mbuzi kapena chigayo, amagula ukulele. Kagitala kameneka nka ku Hawaii, ndipo kholo lake ndi tizida toimbira tomwe Apwitikizi a ku Madeira anafika nato kumeneko mu 1879. Akanadziwa mathero ake, mwina akanatisiya m'sitima.

Ndakwanitsa chaka m'gulu la ukulele la m'dera lathu. Mu Januwale holo ya tchalitchi idadzaza thothotho, aliyense atakumbatira mphatso yake ya Khirisimasi. Makiyi a C, F ndi G tidawameza ngati phala. Mu Malichi mphunzitsi adatulutsa kiyi ya E, yofuna zala zopanda mafupa, ndipo ambiri adakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi zidzukulu zoti azilera.

Otsalafe timatha nthawi yambiri tikuchuna nsambo ndi kumwa tiyi. Kuimba nkongoperekeza mabisiketi.

Mu Julayi tidaimba pabwalo, mvula ili pamutu. Owonerera adali amuna ndi akazi a oimba omwewo, kuphatikizapo galu mmodzi amene adachoka nyimbo isanathe. Mu Disembala tidapita kunyumba yosungira okalamba, komwe adatiombera m'manja kwambiri. Pambuyo pake ndidaona agogo ena akubwezera m'khutu kachipangizo kothandiza kumva.

Komabe Januwale akubwerayu ndilembetsanso. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mukamaphonya kiyi muli ambiri, wolakwa sadziwika.