Mbuzi Zanga Zinathera ku London

Chibadwire changa ndalowa misika yambiri. Wa Limbe ndalowa, wa Lizulu ndalowa, wina ndinalowa ndi chikwama n'kutuluka manja lendee. Koma sindinaonepo msika wolipiritsa munthu pachipata kuti alowe akaone zinthu zoti agule. Zimenezo ndaziona kuno ku Mangalande, mwezi wa Disembala, apongozi anga ali pambuyo kuonerera.

Ndiyambe ndi kulapa. Kumudzi amadziwa kuti ndimakhala ku London. Zoona zake n'zakuti ndimakhala ku Luton, makilomita pafupifupi 50 kumpoto kwake, ndipo London ndimamuonera pa kanema ngati inu nomwe. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba usiku. Koma poti maina onse awiri amayamba ndi L, sindinaone chifukwa chovutitsira abale ndi mapu.

Tsiku la fote linakwana pamene apongozi, mayi a akunyumba, anabwera kuchokera ku Dedza kudzadya nafe Khirisimasi. Atakhala masiku atatu akuyang'ana pazenera, anafunsa mwana wawo kuti kodi London wake ndi yemweyu. Ana nawo anapezerapo mwayi: "Adadi, munalonjeza chaka chatha." Mlendo ndi mame, ndinadziuza choncho. Loweruka m'mawa tinanyamuka anthu asanu, fulasiki imodzi ndi khadi langa la kubanki, lomwe linali lisakudziwa kanthu.

Muwadziwe kaye apongozi anga. Ali ndi khola la mbuzi, ndipo ndalama iliyonse padziko lapansi amaiwerengera mbuzi. Amati kwacha imagwa, paundi imakwera, koma mbuzi ndi mbuzi. Chachiwiri, ndi munthu wosunga mwambo: salankhula ndi mkamwini mwachindunji. Mawu amadzera mwa mwana wawo, ngakhale titakhala mpando umodzi. Choncho sitima itangonyamuka ndinamva:

"Iwe, tawafunsa anzakowa. Matikitiwa ndi mbuzi zingati?"

"Uwauze amayi kuti ndi mwendo umodzi basi."

Ndinanama. Inali mbuzi yathunthu ndi chingwe chake chomwe.

Titatsika pa St Pancras tinalowa m'sitima za pansi pa nthaka. Kumeneko ana osakwana zaka 11 amakwera ulere akakhala ndi wamkulu. Chisamba changa chinakwanitsa zaka 11 mu Novembala, ngati chochita kutumidwa. Ndinachiyang'ana ndi diso lopempha kuti chiwerame pang'ono, icho n'kulengeza mokweza, m'Chingerezi chabwino kuposa changa, kuti tsopano ndi munthu wamkulu. Mang'ina anayi anapita pomwepo.

Tinayamba ndi msika wa Khirisimasi wa m'paki ina yaikulu, womwe ana akhala akuulota chaka chonse. Kale kulowa kunali kwaulere. Chidutsireni mliri wa korona, pamafunika tikiti yogulira pa intaneti, ndipo mtengo umadziwa kalendala ya sukulu kuposa aphunzitsi: ana akakhala m'kalasi umagona, akatsekera umadzuka. Tikiti imeneyo sikupatsa kanthu. Sikukweza pa chigudumu, sikudyetsa, sikufunditsa. Imangokuloleza kuyandikira pomwe ndalama zako zikafere.

"Tawafunsa, talipira chiyani pamenepa?"

"Uwauze kuti talipira kulowa."

"Kulowa kuti?"

"Mumsika."

Anakhala chete. Kenako anauza mwana wawo kuti ngakhale kumanda salipiritsa.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ana atangoona magetsi anayamba kudumpha, ndipo khadi langa linayamba kulira kamvekedwe kake kaja, pii, pii, ngati mbuzi yoona mpeni. Chigudumu chachikulu chokweza anthu m'mwamba: mbuzi imodzi, kuti tizungulire katatu n'kutsikira pomwe tinakwerera. Chokoleti chotentha makapu asanu: nthiti zonse, kuphatikizapo chikole cha kapu, chifukwa kuno ngakhale kapu sakukhulupirira. Soseji yaitali ngati mkono wa khanda, m'kabanzi kosakwana theka lake: chiwindi ndi zam'kati. Mzime wanga analuma kawiri n'kunena kuti ikuwawa. Ndinaimaliza ine, misozi ikulengeza, ndikunamizira mphepo.

Ana ankafuna kuona chipale chofewa chija amaona pa makadi a Khirisimasi. Ku London sichigwa kawirikawiri mu Disembala. Chomwe chimagwa ndi kamvula kamawawa, chiperoni chopanda tchuthi. Eni msika analiganizira vutoli: anaika makina opopera thovu kuchokera padenga. Ana anakuwa ndi chimwemwe. Apongozi anatola pang'ono, ananunkhiza, n'kuuza mwana wawo kuti sopo ameneyu akanachapa zitenje zisanu ndi chimodzi.

Kenako tinafika pa bwalo la ayezi. Ndifotokoze bwino kwa amene simunaone. Amathira madzi pabwalo, amawaumitsa, amakubwereka nsapato zokhala ndi mpeni kunsi kwake, n'kukuuza kuti uyende. Ukalipira amakupatsa nthawi yosakwana ola. Ine ndinati bambo saonetsa mantha pamaso pa apongozi. Phazi loyamba linapita ku Scotland, lachiwiri ku France, ine n'kukhala pakati, phii! Ndinadzuka, ndinagwanso. Mnyamata wina wa yunifolomu anandibweretsera chidole chapulasitiki chooneka ngati mbalame, chomwe tiana ta zaka zinayi timakankha kuti tisagwe. Nachonso n'cholipira. Ndinazungulira bwalo lonse nditawerama, nditagwira mbalame m'mapiko, bambo wa ana awiri, msungichuma wa kwaya.

Nditatuluka ndikutsimphina, uthenga unali utandidikira kale.

"Akuti mwagwa kangati?"

"Kasanu ndi kawiri."

"Akuti mbuzi zingati?"

"Imodzi ndi theka."

"Akuti ku Dedza mu Januwale, panjira ya kuchigayo, anthu amagwa ulere. Ndipo matope ndi ofewa."

Nthawi isanakwane 4 koloko kunja kunali kutada. M'nyengo ino dzuwa la kuno limatuluka cha m'ma 8 m'mawa, kuyendayenda pang'ono ngati wodwala, n'kukagona. Apongozi, atamanga zitenje ziwiri pamwamba pa jekete, anayang'ana kumwamba n'kufunsa ngati dzuwalo nalonso ndi lolipira, ndipo ngati ine ndinaiwala kugula tikiti yake.

Khola litatsala ndi kamwana kamodzi, ndinakumbukira kuti ndine mwana wa mlimi. Ndinalengeza kuti tsopano tikaona zinthu zapamwamba zenizeni, kutanthauza zaulere. Tinayenda wapansi mu Oxford Street n'kulowa mu Regent Street, komwe amapachika angelo a magetsi otambasula mapiko kuchokera mbali ina ya msewu kufika ina. Kuyang'ana kumwamba sanayambe kulipiritsa. Ndinangoonetsetsa kuti ana akuyang'anadi kumwamba pamene tinkadutsa pa sitolo ya zidole.

Pa Trafalgar Square pali mtengo wa Khirisimasi wotalika mamita oposa 20. Mzinda wa Oslo umautumiza chaka chilichonse kuyambira 1947, kuthokoza Britain chifukwa chothandiza Norway pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pamene mfumu yawo Haakon VII inathawira ku London. Anthu a kuno amakonda kuunyoza mtengowo kuti ndi woonda. Apongozi sanaseke. Anati mphatso sainena, ndipo munthu wothokoza zaka zonsezi osaphonya ndi woleredwa bwino. Atatero anayang'ana cha kumene ndinaima. Kenako maso awo anagwera pa nkhunda zonenepa zoyenda pakati pa anthu popanda mwini. Ndinachita kutumiza uthenga mwachangu kuti kuno kuzidyetsa kokha n'koletsedwa, nanji kuzidya.

Mawa lake, Lamulungu titaweruka kutchalitchi, akunyumba anatikokeranso ku South Kensington, ku Natural History Museum. Ndinafika pachipata khadi lili m'manja, ngati nkhuku yopereka khosi. Mlonda anangoyang'ana m'chikwama n'kutilozera mkati. Nyumba zikuluzikulu zaboma zosungiramo zinthu zakale kuno zakhala zaulere kuyambira 2001. Ukalowa, pamwamba pa mutu wako palendewera mafupa a namgumi wotalika mamita 25, yemwe anafera m'mphepete mwa nyanja ku Ireland mu 1891, ndipo anamupachika pamenepo mu 2017. Mzime wanga, yemwe dzulo lake sanatseke pakamwa, anangoti kukamwa yasaa. Anagwira dzanja la agogo ake, awiriwo n'kuima pansi pa nthiti zija mphindi zambirimbiri. Apongozi anatumiza uthenga umodzi wokha: "Uwauze kuti Yona akanakwanamo ndi banja lake lomwe." Za mbuzi sanafunse.

Apa mundilole ndisiye kaye nthabwala. Amene amaika mitengo pachipata cha msika uja amatidziwa bwino ife makolo. Akudziwa kuti chaka chonse ndimachoka ana akudya mgonero n'kubwera akuvala yunifolomu, kuti ndimasambitsa makolo a eni ake pomwe homuweki ya mwana wanga sindinaionepo. Akudziwa kuti Disembala akafika ndimabwera ndi mlandu mumtima, ndipo munthu wamlandu satsitsa mtengo. Chomwe ndinkagula pa ayezi paja chinali chikhululukiro. Ndipo pachipata pomwepo ndinaona mayi wina, ana atatu atagwira mpanda, akuwauza kuti magetsi amaoneka bwino ukaima kunja. Paki ndi ya anthu onse. Dziko lomwe linatha kugamula kuti mwana aliyense aone namgumi osalipira silingalephere kugamula kuti mwana aone Khirisimasi osasuzumira pa waya.

Basi, ndabwerera. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu: ana anagona tulo tabwino, ine ndikugona chammbali mpaka lero, ndipo ndalembetsa mashifiti owonjezera mpaka Febuluwale kuti ndibweze mbuzi zisanu ndi imodzi zomwe sindinakhalepo nazo. Tsiku lokhalo lomwe khadi langa linapuma linali la Khirisimasi lenilenilo, chifukwa tsiku limenelo ku London sitima za pansi ndi mabasi siziyenda. Sindinayambe ndakondapo lamulo ngati limenelo.

Ndinafunsa ana kuti pa zonse tinaona, chinawasangalatsa kwambiri n'chiyani. Ndinkayembekezera chigudumu, mwina ayezi. Mzime anati namgumi. Chisamba chinati adadi akugwa. Chili ndi kanema wake pafoni, ndipo chinatumiza kale ku gulu la WhatsApp la banja, komwe tsopano ndimatchedwa Ambalame.

Tsiku lobwerera kwawo, pabwalo la ndege, apongozi anandichitira chifundo. Anaima, anakonza chitenje, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Uwauze anzakowa asadandaule. Yanga yabala mapasa, kamodzi ndiwasungira. Akadzabwera ku Dedza adzakaone."

Ndinawomba m'manja mwaulemu, mtima utasungunuka.

"Koma uwauzenso kuti kulowa m'khola n'kolipira."