Mphini Yobwereza Imadula Sitadi

Mwezi wathawu alamu anga, amene amayendetsa Sienta pakati pa Ntcheu boma ndi Lizulu, tayala linawaphulikira atangodutsa pa Mlangeni. Sinali nkhani yoti n'kudandaula nayo. Jeke inalipo, sipeya inalipo, ndipo mwa okwera munali amuna okwanira kuinyamula galimotoyo pamanja. Koma manati anakana. Anthu anakoka, anaponda, anatukwana, mayi wina mpaka anayamba pemphero. Manati ena anamasuka mokuwa, koma nati imodzi inachoka ndi sitadi yake yomwe, itaduka.

M'mawa mwake ndinawaperekeza kwa mnyamata wa matayala amene anamanga tayalalo. Iye anatimvetsera mwaulemu, manja ali kumbuyo, kenako n'kutembenukira kwa ine. "Madala, alamu anuwa akudandaula chiyani? Ine za chibwana ayi. Ndimamanga ndi wilo sipanala, ndikatha ndimalowetsa paipi, n'kukwerapo. Mphini yobwereza imawala."

Mwambiwu tinakula nawo. Aphunzitsi ankaunena potibwerezetsa matebulo, abusa amaunena akafuna kulalikiranso za chakhumi, ndipo palibe anautsutsapo. Koma tsiku limenelo, nditayang'ana kachitsulo koduka kali m'dzanja la alamu, ndinaona kuti akuluakulu aja anapeka mwambiwu Sienta isanafike ku Ntcheu.

Tiwerengere limodzi. Kulimba kwa nati amakuyeza ndi ma newton mita, amene m'mabuku a galimoto amalemba kuti Nm. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a Toyota amafuna 103 Nm pa nati ya tayala, ndipo a Honda ambiri amafuna 108. Ngakhale buku la galimoto yanu litabwera m'Chijapani, monga amabwerera ambiri odzera ku Dar es Salaam, manambalawo mutha kuwawerenga. Tsono mnyamata wolemera makilogalamu 70 akaima kumapeto kwa paipi ya mita imodzi, wapereka pafupifupi 690 Nm. Apo wangoima, sanayambe kudumpha. Ndipo uyu ndi Mngoni, phazi lake linaphunzira kuponda pa ngoma ya ku Umhlangano, ndiye mudziwe kuti amadumpha ndithu.

Nanga 103 ija ndi mphamvu yochuluka bwanji? Tengani chigubu cha madzi cha malita 20, muchikoloweke pa sipanala pamalo otalika theka la mita kuchokera pa nati. Basi, mwafika pa 100 kapena kupitirira pang'ono. Katundu amene mtsikana wa sitandade 6 amasenza kuchokera ku mjigo asanapite kusukulu ndiye mphamvu yonse imene tayala likupempha. Zotsalazo ndi chionetsero cha amuna.

Chimene mnyamata uja sadziwa, ndipo ambirife sitidziwa, n'chakuti bawuti imatamuka. Ukaimanga imakokeka pang'ono kwambiri, mwakuti diso silingaone, ndipo kufuna kwake kubwerera ndiko kumagwira tayala. Ukaikoka mopyola muyeso siibwereranso. Imawonda pakhosi, mazinga amaphwanyika, ndipo imangodikira dzenje limodzi la pa M1 kuti itsanzike. Choncho nati yomangidwa mopitirira ndi nati yosamangidwa mokwanira zimakafika kumodzi: tayala kukupitirira pamsewu iwe uli pa chiwongolero.

Chida chothetsera mkanganowu chilipo, ndi torque wrench. Ndi sipanala yaitali yokhala ndi manambala pa chogwirira. Umaitchera pa nambala imene buku lanena, umakoka modekha, ikafika imalira kuti "tha!" ndipo pamenepo umasiya. Amati anaiganiza ndi Conrad Bahr mu 1918 akugwira ntchito ku dipatimenti ya madzi ya mzinda wa New York, chifukwa anthu ankamanga mabawuti a mapaipi a madzi mopitirira. Zikuoneka kuti nakonso anyamata odumpha analipo.

Vuto ndi lakuti ife mawu oti "zakwana" sitiwakhulupirira. Pitani pa Lizulu mukagule tomato. Mayi akakuthirani mulu umene mwalipira, simuchoka. Mumaima, jumbo ili yasa, kudikira basela, ndipo akapanda kuponyamo awiri ena mumanena kuti mayiyu ndi woumira. Mtima womwewo timapita nawo pa bawuti. Ndinaonapo makaniko wina, wodziwa ntchito yake bwinobwino, atagwira torque wrench yeniyeni. Inalira. Iye anagwedeza mutu kuvomereza, n'kukokanso. Inaliranso. Anakokanso kachitatu "kuti titsimikize, bwana". Kukoka kulikonse kunkasuntha nati pang'ono, ndipo pomaliza sipanala ya ndalama zambiri ija inali itagwira ntchito ya paipi.

Alamu atamva zonsezi anati tiigule. Apa mpamene panayambira ulendo.

M'mahadiweya a pa boma muli malata, simenti, misomali, mawilibala ndi maloko amene kiyi wake amatsegulanso loko wa aneba. Titafotokoza chimene tikufuna, wogulitsa wina anatibweretsera bobojani. Titati ayi, anabweretsa bobojani wamkulu. Wina anamvetsa ndithu, n'kutiuza kuti aitanitsa, ibwera Lachisanu, ndipo aliyense wokhala m'dziko muno amadziwa kuti Lachisanu la woitanitsa katundu silili pa kalendala. Ntcheu ili pakatikati pa Lilongwe ndi Blantyre, zimene zimamveka ngati mwayi mpaka utafuna chinthu: kulikonse n'kutali mofanana.

Ku mizindako zilipo, koma za mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli m'mashopu okhala ndi alonda pakhomo. Muli mayina monga Gedore, kampani ya ku Germany yomwe ilinso ndi fakitale pafupi ndi Durban, kapena Norbar ya ku Banbury ku England. Zimabwera m'bokosi, ndi chikalata chosonyeza kuti anaziyeza. Mtengo wake ukaumva umayamba kufunsa za umoyo wa wogulitsayo kuti upeze potulukira. Chichokereni November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, chitsulo chilichonse chowoloka nyanja chimatchulidwa mtengo motsitsa mawu.

Mtundu wachiwiri uli pa mphasa mumsika, pakati pa matochi ndi machaja. Chida chake chimanyezimira kuposa cha m'shopu chija. Dzina lake limafanana ndi dzina lotchuka, kungosiyana chilembo chimodzi. Wogulitsa amalumbira kuti ndi cha ku Germany, ndipo ukafunsa chikalata amakuonetsa chala chake: "Chikalata ndine, bigi." Choopsa cha chida chotere si kuthyoka ayi. Sipanala wamba ikakhala yabodza imapindika, umaona, umaitaya. Iyi ikakhala yabodza imalirabe "tha!" mokoma, iwe n'kupita kunyumba mtima uli m'malo, pamene yalira pa 60 kapena pa 150.

Komabe sindikuvomereza zoti chotchipa chilichonse n'chachabe. Munthu wokonza galimoto yake pakhomo, amene amasintha oyilo, mapulagi ndi matayala, safunika chida cha m'fakitale ya ndege. Lamulo la mayiko lotchedwa ISO 6789 limalola sipanala yolirayi kuphonya ndi 4 peresenti uku kapena uku, ndipo zambiri za ku Taiwan ndi ku China za mtengo wapakatikati zimayandikira pamenepo zikadali zatsopano. Chofunika n'kuiyeza, ndipo choyezera ndi chigubu chomwe chija. Panani mutu wake pa vayisi, chogwirira chigone mopingasa. Yezani ndi tepi kuchokera pakati pa mutuwo kufika pakati pa chogwirira. Tinene kuti mwapeza masentimita 40. Malita 20 a madzi atapachikidwa pamenepo amapereka pafupifupi 80 Nm. Mukaitchera pa 70 n'kutsitsa chigubu pang'onopang'ono iyenera kulira. Pa 90 iyenera kukhala chete. Ikalira ponseponse, kapena ikakhala duu ponseponse, mwagula ndodo yothamangitsira agalu.

Ndikudziwa kuti kulowa mumsika wa Limbe utasenza chigubu cha madzi pofuna kuyeza katundu wa munthu kungakubweretsere mavuto. Gwirizanani kaye zobweza.

Pali tina ting'onoting'ono timene timagwetsa anthu. Sipanala zambiri zili ndi manambala mbali ziwiri, ina ya Nm, ina ya ft-lb ya Amereka. 103 Nm ndi 76 ft-lb. Wotchera 103 kumbali yolakwika wamanga pafupifupi 140, ndipo adzalumbira kuti anatsata buku. Yaikulu ya theka la inchi, yoyambira cha pa 40 kufika 210, ndi ya matayala. Mapulagi ambiri amafuna cha m'ma 20, ndipo amalowa mu aluminiyamu, chitsulo chosachedwa kukwiya. Pamenepo pamafunika yaing'ono. Nati yotsekera oyilo pansi pa injini nayo imangofuna cha m'ma 30 kapena 40, koma pitani m'magalaja mukaone kuchuluka kwa masampu omatidwa ndi guluu chifukwa wina anaipatsa basela.

Alamu anabwera ndi nzeru yoti madalaivala a pa siteji asonkhe, agule imodzi yabwino, izikhala kwa tcheyamani. Nzeru yabwino, koma ndikuwaona kale mathero ake. Chidachi chili ndi miyambo yake. Ukamaliza ntchito umabweza nambala pansi kuti sipuling'i ya mkati ipume. Sumasulira nacho nati yokakamira. Suchigwetsa. Suchilowetsa m'paipi. Pakatha chaka, kapena chikalira ka 5,000, chimafuna kuyezedwanso. Tsono ndani pa siteji adzawerenge kulira 5,000? Sabata yoyamba chidzayenda m'bokosi lake. Sabata yachitatu wina adzakhomera nacho chikhomo cha mbuzi. Pofika mwezi wachiwiri chidzakhala chili ku Tsangano kwa msuweni wa kondakitala, amene anangobwereka kuti abweza madzulo.

Tikuseka, koma taimani m'mbali mwa msewu pa Biriwiri kapena pa Kampepuza tsiku la msika muone zimene timatayala timeneti timanyamula. Galimoto yopangidwira banja la anthu 7 ili ndi anthu amene sindiwerenga pano kuopa kuika alamu m'mavuto, kumbuyo matumba a kachewere, pamwamba kabichi, ikutsika mtsetse. Zonsezo zagona pa timabawuti tinayi kapena tisanu pa tayala lililonse, tonenepa ngati chala. Okwera amayang'ana ngati dalaivala waledzera, apolisi amayang'ana mapepala pagalasi, koma palibe amafunsa kuti anadumpha pa manatiwa ndani, ndipo anadya chiyani m'mawa umenewo. Ngozi ikachitika timati tayala linangochoka lokha. Silichoka lokha.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti nditawerenga bwino malangizo a opanga matayala, ndinapeza kuti akuluakulu aja sanagonje. Manati samangidwa mozungulira motsatana. Umadumphadumpha, iyi kenako ya kutsidya kwake, koyamba mopepuka, kachiwiri mpaka pa nambala yake. Ndipo ukayenda makilomita 50 mpaka 100 tayala litangomangidwa, uyenera kuima n'kuyezanso, chifukwa limakhala litakhazikika ndipo nati ina imatha kulekerera. Kunena kwina, ukamanga pa boma, pofika ku Dedza tsika ubwereze. Mphini yobwereza ija ndi imeneyi. Kungoti sing'anga akamabwereza mphini amatema pomwe paja, mozama momwe muja. Sakankha lumo mpaka pa fupa kuti odwala aone kuti ndalama yawo yagwira ntchito.

Mnyamata wa matayala uja sindimuimba mlandu kwenikweni. Akamanga ndi nzeru, osadumpha, kasitomala yemweyo amamuyang'ana mokayika n'kunena kuti, "Aise, wamanga koma? Tapondanso." Amadumphira ife. Tsiku limene tidzayambe kulipira wa sipanala yolira mokondwa kuposa wa paipi, mapaipi adzabwerera ku ntchito yawo yotunga madzi.

Pakadali pano alamu akuyenda ndi sitadi yatsopano, ndipo torque wrench sinapezekebe pa mtengo umene iwo angaukhululukire. Ndiye pempho langa likupita kwa achimwene athu ali ku Joni, amene December akubwerayu mudzatsike basi mutanyamula masipika aakulu kuposa chitseko cha nyumba ya amayi anu. Chaka chino siyani sipika imodzi. Lowani mu shopu ya zida, mugule torque wrench ya theka la inchi, ya 40 mpaka 210 Nm, yokhala ndi chikalata chake m'bokosi. M'chikwama imakwana, ndipo chigubu choyezera mudzachipeza kuno.