Cheke cha Soya

Pa Mponela pali kagulu ka anthu kamene sikangagule katundu osakuonetsa kaye kuti kali ndi cholembera. Mmodzi wa iwo ndi amene anagula soya wanga. Mavenda onse, kuchokera ku Madisi mpaka ku Malomo, amakuwerengera ma K5,000 m'manja kapena kukufunsa kuti, "Airtel Money kapena Mpamba?" Koma bwana uyu anatulutsa buku la macheke, naliuzira fumbi, nayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati a kabaza akuona. Siginecha yake inakwera, inatsika, inakhota ngati msewu wa ku Dowa boma, n'kukathera pa boneti ya galimoto. Atamaliza anapukuta thukuta.

Kunyumba ndinapeza mwana wa mlongo wanga, wophunzira za dziko lonse pa YouTube. "Atsibweni," anatero, "ku America cheke sapita nacho kubanki. Mumasayina kumbuyo, mumalemba kuti n'choika pafoni basi, n'kuchijambula mbali zonse ziwiri. Ndalama zalowa." Za ku America zo n'zoona ndithu. Ndinasayina, iye nachigoneka pamphasa, napirikitsa nkhuku, natsekereza dzuwa ndi lichero, najambula. Nditamufunsa kuti chithunzicho tikuchitumiza kuti, anakanda m'mutu. Kenako, poti chinatuluka bwino, anachiponya pagulu la WhatsApp la kwathu.

Dzuwa lisanalowe, ndalama zimene zinali zisanalowe zinali zitatha. Wina fizi, wina feteleza, wina chiliza cha agogo amene anamwalira nthawi ya Kamuzu. Msuweni amene sanandipatse moni chiyambire Chaka Chatsopano anayamba kunditchula kuti "bigi."

Ejenti wa m'kanyumba ka pamsika anachitembenuza chekecho, nati, "Madala, pano sitilandira makalata. Komanso fuloti yatha." Fuloti imeneyi sindinaipezepo ilipo. Imatha m'mawa isanafike.

Kubanki ndinaima kumbuyo kwa alimi a fodya odikira za ku okushoni ya ku Kanengo. Mtsikana wa pawindo anafuna chiphaso cha unzika, anayang'ana siginecha yanga, anayang'ana nkhope yanga, n'kufunsa amene anandiuza kulemba za foni kumbuyo kwa cheke. Anaitana mnzake. Mnzakeyo anaitana wamkulu, wamkuluyo anabwera ndi magalasi. Apa m'pamene mtima unandiwawa. Mu 2013, pa Cashgate, macheke a boma a mamiliyoni ankatuluka ku Capital Hill kukalipira katundu amene sanaperekedwe, ndipo anadutsa bwinobwino. Koma matumba a soya a munthu wa m'mapiri ndiwo ofunika komiti. Ku South Africa macheke anawasiya kumapeto kwa 2020. Kuno tinkawapatsabe mpando. Ndiye a kubanki anati ndidikire masiku angapo kuti cheke "chipse," m'dziko limene kwacha inagwapo ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023.

Ndili pakhomo pa banki, bwana wa cholembera uja anaimba. "Achimwene, cheke chija musachiike kaye. Tidikire fodya wanga agulidwe."

Ndisanayankhe, uthenga wa azakhali a ku Ntchisi unalowa. Anali atawerenga bwino manambala a pachithunzi, atadzigawira okha gawo lawo, ndipo pansi pake analemba kuti, "Muikepo ndi yotapira."