Roketi yomwe inakalamba isanauluke

Kuulutsa roketi ndi ntchito ya masekondi, koma kuipenta kumatha kudya mwezi wathunthu ndi ulemu wa munthu pabanja. Mkulu wolemba danga lino ndi mboni.

Roketi tikunenazi si zopita kumwezi ayi. Ndi tizombo tamasewera: thupi la katoni wokulungiza, zipsepse za mtengo wopepuka wa balsa, mphuno ya pulasitiki. Masewerawa adayambira ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo mmodzi mwa oyambitsa, Orville Carlisle, anali wogulitsa nsapato ku Norfolk, m'chigawo cha Nebraska. Bungwe lawo la National Association of Rocketry lidabadwa mu 1957. Mkulu wathuyu atamva za wogulitsa nsapatoyo anadziguguda pachifuwa. Iye, amene anapentako geti la kutchalitchi, angakanike kanthu ka katoni?

Choncho mphwake wa ku Johannesburg atatumiza kabokosi ka roketi kuti ana aziseweretsa, anawo anauzidwa kuti aime patali, bambo awo awasonyeze zasayansi.

Kumata kunayenda bwino. Penti yoyera ya enamel inakhala bwinonso, see! M'mawa mwake mkuluyu anatulutsa chitini china chofiira, cha lacquer, chomwe anagula chifukwa chinali chotchipa. Anapopera, nabwerera pambuyo kuti adziyamikire. Mphindi zochepa zokha, thupi la roketi linayamba kutupa, kenako kukwinyika, mpaka kusanduka mfutso weniweni.

"Bambo ake, mwaiphika kapena mwaipenta?" anafunsa mayi a kunyumba ali pakhonde.

Chomwe chinachitika n'chakuti mapenti awiriwa sauma mofanana. Lacquer imauma mankhwala osungunulira, monga acetone ndi toluene, akauluka. Mankhwalawa ndi aukali. Enamel imachita kakhungu pamwamba msanga, koma mkati imalimba pang'onopang'ono ikamakoka mpweya wa okosijeni, ndipo izi zimatenga masiku. Lacquer ikagwera pamenepo imalowerera, n'kufewetsa za pansi, kakhungu kaja n'kusowa pogwira. Enamel pamwamba pa lacquer youma bwino nthawi zambiri siivuta. Kutembenuza ndiye kuitana maliro. Mankhwala omwewa amathanso kusungunula thovu loyera la polystyrene, choncho wopanga mphuno ya thovu asayerekeze n'komwe.

Mkuluyu anapala zonse ndi sandipepala, natsimikiza kuti tsopano ndi enamel yokhayokha, ya kampani imodzi. Anapopera Loweruka masana. Lamulungu atabwera kutchalitchi anapoperanso. Makwinya aja, ndi awa!

Apa mpamene pali msampha umene umagwira ngakhale akatswiri. Zitini zambiri za enamel zimalamula kuti kupopera kwachiwiri kuchitike ola limodzi lisanathe, apo ayi munthu adikire maola 48. Pakati pamenepo penti imakhala italimba pamwamba koma ili yanthete pansi, moti ngakhale penti ya chitini chomwecho imaikwinyitsa. Mkulu wathu anawerengera bwinobwino n'kugwera pakati penipeni. Lamuloli linalembedwa kumbuyo kwa chitini, m'tizilembo tomwe munthu wa zaka zake amafunika magalasi, ndipo magalasiwo anali pamphumi.

Mmisiri wina wopopera magalimoto, atamva nkhaniyi, sanaseke kwambiri. Anangofunsa kuti, "Madala, munainunkhiza?" Okonda maroketi nawonso amachita chimodzimodzi: ukaika mphuno pafupi n'kumva fungo la penti, ndiye kuti mkati simunaume, makamaka kukamazizira kapena m'nyengo ya mvula. Chinyezi chimachititsanso kuti lacquer ichite nkhungu yoyera m'malo mowala.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse anthu akhala akuona bambo wamkulu, wa ndevu zake, ataima kuseri kwa nyumba akununkhiza chubu cha katoni mwachidwi. Aneba ayamba kumupatsa moni wofulumira. Mlamu wake wapempha kuti akambirane paokha.

Pali vuto linanso limene silioneka ndi maso. Penti imalemera. Kupopera, kupala, kupoperanso, zambiri zimaunjikana kuzipsepse, ndipo roketi yolemera kumchira imatha kupepeluka m'malere m'malo molunjika kumwamba. Ana aja, omwe anauzidwa kuti aime patali, akulangizidwa kuti tsiku loulutsa adzaime patali kwambiri.

Pakadali pano mkuluyu akuyamba wayesa penti iliyonse pa katoni wa tishu, ndipo pawindo pafola timachubu tamitundumitundu, tina tosalala, tina tokalamba. Roketi yeniyeniyo ikadali pamsomali, ikudikira maola ake 48. Owerenga amene ali ndi sandipepala wotsala, chonde mutumizireni mkuluyu, wa pagolosale watha.