Injiniya wa Pamkeka

Pali matenda ena amene amagwira abambo akangodutsa zaka 50, ndipo achipatala sanawapezerebe mankhwala. Bambo amaona chinthu chakufa m'nyumba n'kumva mumtima kuti iyeyo ndiye anabadwira kudzachidzutsa. Anzanga ena anayambira pa loko wa chitseko, ena pa mpope wodontha. Ine makalasi ang'onoang'onowo ndinawalumpha, ndinayambira pa wayilesi ya kaseti.

Wayilesi yake si yamasewera. Ndi ya ku Japan, ya zitseko ziwiri, masipika uku ndi uku, ndi timasingano tiwiri tovina pagalasi. Anabwera nayo malume kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1980, TEBA isanaleke kulemba anthu ntchito kuno. Masiku amenewo inkadya mabatire akuluakulu aja, ndipo akafooka tinkawayanika padzuwa pamodzi ndi mphale. Malume atatisiya, abale anakanganirana njinga ndi malata, ine ndinanyamula wayilesi. Kwa zaka zambiri yakhala pamwamba pa kabati itafunda kansalu koluka, ikugwira ntchito yolemekezeka yosunga malisiti ndi makiyi a maloko amene anatayika kalekale.

Chinaputa zonse ndi mayi a kunyumba. Posanthula m'sutikesi anapeza kaseti ya C90 imene kwaya yawo ya kutchalitchi inajambula iwo akadali mtsikana, mawu asanayambe kuthera pa ana ndi pa ine. Anaifumbata pachifuwa n'kunena kuti, "Bambo, wayilesi ija tiipititse kwa amisiri kumsika, ndimveko mawu anga."

Kwa amisiri! M'nyumba muli mwamuna wamoyo, amene anakhoza sayansi pa JC.

Ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera mbiri. Kaseti inatuluka m'chaka cha 1963 ku kampani ya Philips, ndipo anatsogolera ntchitoyo ndi mkulu wina wa ku Netherlands, Lou Ottens, amene anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 94. Mkuluyu anayamba n'kusema kathabwa kokwana m'thumba la jekete, n'kuuza anyamata ake kuti makinawo asapitirire pamenepo. Ngati mwini wakeyo anayambira pa thabwa, chingandikanike n'chiyani ine amene ndili ndi sikuludiraiva, pulayala ndi mpeni wa kukhitchini? Mayi anangoti, "Chabwino," m'mawu aja amene amanenera mwana akaumirira kugwira mbaula.

Loweruka m'mawa ndinayala mkeka pakhonde, n'kuika mbale pambali yoponyamo masikuluwu. Masikuluwu a ku Japan ali ndi khalidwe lawolawo: mutu wake umaoneka ngati wa masikuluwu athu omwewa, koma ukaukakamiza ndi sikuludiraiva ya kumsika umasalala, ndipo ukasalala zokambirana zatha. Awiri ndinawatulutsa ndi mpeni. Lachitatu linatuluka pamodzi ndi chidutswa cha pulasitiki chimene, malinga ndi kuona kwanga, chinalibe ntchito kuyambira kufakitale.

Chivundikiro chitachoka ndinapeza kuti wayilesi inali ndi alendi. Mphemvu zinatuluka ndi mabanja awo, kulowera kukhitchini. Pakona panali mazira awiri a nalimata, mitengo ya machesi, ndi kandalama ka 1 tambala kamene mwana wina, yemwe lero ali ndi ndevu, anaponyamo poyesa banki.

Tsono mverani sayansi, poti ndaivutikira. Tepi ya m'kaseti imayenera kuyenda masentimita 4.76 pa sekondi, osapitirira, osaperewera. Imapanidwa pakati pa kachitsulo kozungulira ndi kagudumu ka mphira, ndipo kachitsuloko kamazunguzidwa ndi injini yaing'ono kudzera pa lamba wa mphira. Lambayu ndiye amayamba kufa. Akakhala zaka zambiri amatha mphamvu, ndipo wina amasungunuka n'kusanduka phula lakuda. Wanga anali atasungunuka. Ndinangomukhudza ndi chala chimodzi, koma pasanathe nthawi phula linali pa zala zonse khumi, pamphuno, pa malaya anga oyera a kutchalitchi, ndi pa kansalu koluka kaja, kamene ndinapukutira m'manja poganiza kuti ndi chiguduli. Phulali silimva sopo. Limamva sipiriti, uja wofiirira wa m'botolo, ndipo sipiriti wa m'nyumba mwathu anathera pomwepo.

Lamba watsopano ndikamutenga kuti? Munthu wopanda luso akanakwera minibasi. Ine ndinatenga timphira tomangira ndalama, timene ndimasunga ngakhale ndalama zake sindinazionepo. Poyeserera sindinaikemo kaseti ya mayi, ndine munthu wosamala. Ndinaikamo ya Alleluya Band imene ndinagula kwa O.G. Issa ku Limbe ndili mnyamata. Ndinadina. Chinalira! Ndinaimirira pamkeka kuti aneba aone. Koma a Paul Banda ankaimba monjenjemera, mawu akukwera n'kutsika, ngati ali pa kabaza mumsewu wa mabampu. Kamphira ka ndalama kamatamuka n'kubwerera, ndiye liwiro la tepi limatsatira zomwezo.

Ndinadula lamba wina ku chubu chakale cha njinga, mmene tinkadulira malegeni. Ameneyu anathina kwambiri, injini n'kumabuula, ndipo gulu lonse la ku Balaka linayamba kuimba mwaulesi, mawu ali pansi penipeni. Apa m'pamene ndinatulukira kabowo kumbuyo kwa injini, momwe muli kosinthira liwiro. Ndinalowetsa nsonga ya mpeni n'kupotoza pang'ono. Azibambo aakuluakulu aja anasanduka ana a sukulu ya mkaka. Ndinabweza. Anakalambanso. Ndinakhala ndikuwakulitsa ndi kuwachepetsa mpaka dzuwa linafika paliwombo.

Mwana wanga wotsiriza anabwera n'kuima patsogolo panga, maso ali pa foni.

"Adadi, nyimbo zonsezi zilipo pa YouTube."

"Kwaya ya amayi ako iliponso pa YouTube?"

Anachoka. Ana a masiku ano sadziwa kuti kale nyimbo inkafuna thukuta. Sanabwezepo kaseti ndi cholembera cha Bic pofuna kupulumutsa mabatire, dzanja likuzungulira m'mwamba mpaka phewa kuwawa.

Cholemberacho chinafunika posachedwa. Kagudumu ka mphira kaja kanali katauma n'kuyamba kuterera, ndiye tepi inasiya njira yake n'kukulungika pa kachitsulo. Nyimbo inatsamwa. Ndinasolola tepi yokwinyikakwinyika yotalika ngati mkono wanga, n'kuidula, n'kulumikiza nsonga ziwirizo ndi Cutex wa mwana wanga wamkazi, monga tinkachitira kale. Masentimita 70 pa liwiro lija ndi masekondi pafupifupi 15 okha, mbali iyi ndi inayo. Panopa a Banda amayamba vesi n'kudumphira kolasi osapuma, ndipo ndikuona kuti nyimboyo yafupika bwino.

Kenako maso anga anagwa pa kasikuluwu kena pambali pa mutu wowerenga tepi, kopakidwa penti yofiira. Kameneka kamaimika mutuwo kuti ulunjike bwino pa tepi. Ukapendekeka pang'ono, mawu amamveka ngati woimbayo wafunda bulangeti. Akufakitale amakathira penti kuti kasasunthe. Ine pentiyo ndinaimva kuti ikuti, "Yambira pano." Nditakamasula, kasipuling'i kamene kanali pansi pake kanauluka n'kugwera pabwalo. Tambala wathu, yemwe ankaonerera ntchito yonse kuyambira m'mawa, anakafika ine ndisanadzuke.

Madzulo ndinaona kuti zinthu zili m'malo, kupatula masikuluwu angapo otsala m'mbale, umene ndi umboni wakuti a ku Japan ankangomwaza zitsulo. M'malo mwa sipuling'i ndinapanikizamo kachidutswa ka patapata. Ndinaitana mayi, ndinawapatsa mpando, ndinalandira kaseti yawo ndi manja awiri.

Pano ndifotokoze bwinobwino, chifukwa nkhaniyi ikukambidwa mokhota kumpingo. Chivundikiro chikachoka, mabatani sakhala ndi zolemba. Zimangokhala zitsulo zofanana zili pamzere. Chala changa chachikulu n'chachikuludi, chinatengera kwa agogo. Chinadina zitsulo ziwiri nthawi imodzi. Kaseti inayamba kuzungulira bwino lomwe, timasingano tikuvina, koma mawu osatuluka. Tinadikira. Nthawi yomweyo tambala uja anakwera pakhonde kulunjika m'mbale ya masikuluwu, ndipo ndinamuuza mawu angapo amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa.

Titabweza tepi, zonse zinamveka bwino kwambiri, ndipo apa ndiyenera kuyamikiridwa. Kwaya inayamba mokoma, amayi akuwomba m'manja. Pamene mayi a kunyumba amati alowe okha ndi mawu awo aja, panamveka phokoso, kenako ine, momveka bwino kuposa mmene ndinamvekerapo pa moyo wanga, ndikutukwana nkhuku. Wayilesi imafufuta kaye zakale isanajambule zatsopano, ndipo mbali imeneyo inkagwira ntchito ngati yatsopano.

Ndinayesa kuwaunikira mayi kuti pamwamba pa kaseti iliyonse pali timapulasitiki tiwiri, ndipo ukatithyola batani lojambulira silidinika. Makaseti ogula a oimba amabwera tili tothyoka kale. Ya kwayayi inali nato tonse tiwiri. Ndiye ngati tikufuna wolakwa, tikafunse amene anali mlembi wa kwaya nthawi imeneyo. Mayi sanayankhe. Usiku umenewo nsima inabwera ndi masamba okhaokha, ndipo Lamulungu tinadya tambala, koma m'nthutumba mwake sipuling'i munalibe.

Lolemba ndinaika wayilesi m'thumba la feteleza, masikuluwu m'kajumbo, ulendo wa kumsika wa Ndirande. Sindinapite kukakonzetsa, ndinapita kukamva maganizo a mnzanga wa ntchito. Ndinamupeza mkulu wina m'kashedi kodzaza mawayilesi ndi ma TV akale, waya wa soda ali pakamwa. Anasuzumira m'thumba, anatulutsa lamba wanga wa chubu n'kumuyang'ana padzuwa, kenako anatola kachidutswa ka patapata.

"Madala, anaigwira ndani iyi?"

"Mlamu wanga," ndinatero.

"Alamu anuwo amagwira ntchito yanji?"

"Amangokhala."

"Zikuoneka."

Anayamba kuwalalatira alamu anga, ndipo ine ndinathandizira, chifukwa zimene anachitazo zinalidi zomvetsa chisoni. Kenako anatsegula kabokosi n'kutulutsa kapaketi ka malamba a saizi zosiyanasiyana, ambirimbiri, n'kundiuza kuti ikanabwera yosatsegula, akanangoikamo mmodzi ine ndili chiimire, pa mtengo wa fanta ziwiri. Koma poti yadutsa m'manja mwa alamu, ndiisiye sabata yathunthu, ndipo mtengo wake anautchula motsitsa mawu, poopa kuti ndingagwe.

Ndikuwerenga ndalama za chikole, mkuluyo anayang'anitsitsa zala zanga.

"Mukawauze alamuwo, madala, kuti phula la m'zikhadabo limachoka ndi sipiriti."